Kumanga ndi Dothi, Miyala ndi Udzu pa Malo Opembedzera a m'Mapiri a Rumphi

Kodi m'boma la Rumphi muli malo a m'mapiri omwe anthu amapitako pa maulendo achipembedzo?

Malo otchuka koposa ndi Livingstonia, pa chitunda cha Khondowe, chomwe chili pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja ya Malawi. Kumeneku ndi komwe Dr Robert Laws anakhazikitsa likulu la mishoni ya mpingo wa Free Church of Scotland mu 1894, likululo litakhalapo kale ku Cape Maclear kuyambira mu 1875 ndi ku Bandawe kuyambira mu 1881, malo awiri a m'mphepete mwa nyanja komwe malungo sankawapatsa mpata amishoniwo. Lero pa chitundapo pali tchalitchi chachikulu cha njerwa zofiira, chipatala cha David Gordon Memorial, yunivesite ya Livingstonia yomwe inatsegulidwa mu 2003, komanso nyumba yamiyala yotchedwa Stone House, yomwe inamangidwa mu 1903 ndipo Laws ankakhalamo. Akhristu a mpingo wa CCAP mu Sinodi ya Livingstonia amawaona malowa ngati kuchimake kwa mpingo wawo, kotero kuti makwaya, achinyamata, amayi a Umanyano ndi alendo ochokera ku Scotland amakwera phirilo pa misonkhano ndi pa zikondwerero, ndipo ambiri safuna kutsika asanaone bwalo la pa Stone House, pomwe mu 1959, boma la atsamunda likugwira atsogoleri otsutsa chitaganya, anthu a pamishoni anayala miyala yolemba Aefeso 2:14 kuti amene anali m'ndege ya boma awerenge uthenga wawo woti azungu ndi anthu akuda a pamalopo salekana.

Chikhristu chisanafike, mapiri a dera lino anali kale ndi malo awo oyera. Atumbuka a ku Nkhamanga ankapereka nsembe zopempha mvula kwa mzimu wa Chikang'ombe, womwe phiri lake lili pafupi ndi Njakwa, pomwe mtsinje wa South Rukuru umadutsa pampata wa mapiri, ndipo kanyanja ka Kaulime pa Nyika nako kankaopedwa ngati malo a mizimu. Pamwamba pa izi pali chizolowezi cha masiku ano, chofala m'dziko lonse, choti magulu a mapemphero azikagona kuphiri akusala kudya. Anthu onsewa amafuna pogona, pophikira, pobisala mvula ndi chimbudzi, ndipo funso la kamangidwe limayambira pamenepo.

Kodi njira zamakolo zomangira ndi ziti kwenikweni?

Yakale kwambiri ndi nyumba yomata. Mmisiri amazika nsichi, zomwe ndi mitengo yoimirira ya khoma, n'kuzilumikiza ndi mbaliro, timitengo kapena nsungwi zong'amba zoyenda chopingasa, zomangidwa ndi luzi losendedwa ku mombo. Akatero amamata mbali zonse ziwiri ndi dothi lopondedwa bwino. Denga limakhala pa mapaso, mitengo yotsetsereka kuchokera pansonga kufika pakhoma, ndipo udzu wofolera umapitirira khomalo mpaka kupanga khonde lomwe limalitchinga ku mvula. Pansi amazira ndi mtsiro, dothi lakuda losalala, ntchito yomwe amayi amaibwereza kawirikawiri. Aphoka, omwe akhala m'matsitso a Nyika ndi Khondowe kuyambira kalekale, anazolowera kumanga ndi kulima pa malo otsetsereka omwe munthu wa m'chigwa angaope ndi kupondapo komwe, ndipo zotsalira za ng'anjo zadothi zosungunulira chitsulo zomwe zikupezekabe pa Nyika zikuonetsa kuti amisiri a kumapiriku ankadziwa kusankha dongo lopirira moto.

Pali njira zina ziwiri zadothi zomwe zinafala pambuyo pake. Mdindo ndi kamangidwe komwe dothi lonyowa pang'ono limathiridwa pakati pa matabwa awiri n'kusinjidwa mpaka kulimba, kenako matabwawo amakwezedwa kuti mzere wina uyambe pamwamba pa woyambawo. Zidina ndi njerwa zoumbidwa m'chikombole n'kuumitsidwa padzuwa osaziwotcha.

Njerwa zowotcha ndi miyala yosema zinabwera ndi mishoni. Sukulu ya Overtoun Institution, yomwe Laws anatsegula pa Khondowe, inkaphunzitsa aphunzitsi ndi alaliki pamodzi ndi akalipentala ndi amisiri omanga, ndipo amene anaphunzira kumeneko anafalitsa luso lawo kumpoto konse ndi kunja kwa dziko lino. Patapita zaka zoposa 100, luso limeneli silingatchedwenso lachilendo. Motero pofuna kudziwa ngati njira ili yakwathu, kuwerenga zaka zake sikuthandiza kwenikweni. Chofunika n'kuona ngati zipangizo zake ndi amisiri ake amapezeka pafupi ndi pomwe pakumangidwa.

Popeza simenti ndi malata zilipo, kubwerera ku dothi ndi udzu kuli ndi phindu lanji?

Phindu loyamba lili pa mtengo wonyamulira katundu. Msewu wakale wa Gorodi, wochokera ku Chitimba m'mphepete mwa nyanja, umakwera mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kudzera m'makhota akuthwa okwana ngati 20, ndipo galimoto yolemedwa imavutika nawo ngakhale m'chilimwe. Ntchito yokonza msewu wochokera ku Njakwa yapepukitsako ulendo wa ku Livingstonia, koma malo ambiri opemphererako ali kutali ndi msewu uliwonse, komwe thumba la simenti la makilogalamu 50 limafika pamutu pa munthu, ndipo likanyowa m'njira ndiye kuti ndalama yapita. Dothi ndi miyala, pamene zilipo zoyenera, zimachokera pa malo omwe akusalazidwa kuti pamangidwe nyumbayo.

Phindu lachiwiri ndi la nyengo. Kumapiri a Rumphi kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo pa Nyika chisanu chimafika poyeretsa udzu m'mamawa. Khoma ladothi lochindikala limasunga kutentha kwa masana n'kukutulutsa pang'onopang'ono usiku, pomwe denga la malata lopanda siling'i limazizira dzuwa likangolowa, limachita thukuta lomwe limadonthera ogona, ndipo mvula ikamagwa limachita phokoso lomwe limameza mawu a mlaliki ndi a kwaya. Kwa nyumba yomwe ntchito yake ndi mapemphero a usiku wonse, zimenezi si zazing'ono.

Palinso nkhani ya komwe ndalama zimathera. Ndalama yogulira malata ndi zitsulo imatsika phiri tsiku lomwelo, ndipo gawo lina limatuluka m'dziko, pomwe ndalama yolipira oumba zidina, oswa miyala, omweta udzu ndi ofolera imatsala m'midzi yoyandikana ndi malowo, midzi yomwe idzakhale ikulandira alendowo ndi kuyang'anira nyumbazo iwo atapita.

Njerwa zowotcha ndi zomwe zinakongoletsa Livingstonia. N'chifukwa chiyani sizingangopitirizidwa?

Chifukwa chake ndi nkhuni. Uvuni wa njerwa, womwe ndi mulu wa njerwa zosanjidwa mosiya timipata tosonkhezera moto, umafuna zipika zikuluzikulu za mitengo yachilengedwe zoyaka masiku angapo, ndipo pa malo otsetsereka mtengo uliwonse wodulidwa umasiya nthaka yopanda choigwira. Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotchedwa ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndipo nyumba yogona alendo kapena holo ya mpingo n'zovuta kuiika kunja kwa malamulo amenewa.

Ambiri atamva za chiletsochi anathamangira ku mabuloko a simenti, koma pali njira ina yomwe ili pafupi ndi zidina. Dothi losefa limasakanizidwa ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 8 pa 100 alionse, n'kupanikizidwa m'makina apamanja, ndipo njerwazo zimafundidwa ndi kuthiriridwa madzi kwa masabata angapo kuti zikhwime. Zikaumbidwa ndi dothi lofiira la katondo zimafanana maonekedwe ndi njerwa za nyumba zakale za pamishoni, zomwe zimathandiza kuti nyumba yatsopano isaoneke yachilendo pakati pa zinzake. Kukonza nyumba zakale zenizenizo ndi nkhani ina, chifukwa kumafuna zipangizo zofanana ndi zoyambirira komanso upangiri wa dipatimenti ya boma yoona za zinthu zakale.

Kodi nyumba yadothi ingapirire mvula, kugumuka kwa nthaka ndi zivomezi za kumapiri?

Ili ndi funso lolemera kuposa onse, chifukwa zoopsa zitatuzi zilipodi m'derali. Matsitso oyang'ana kunyanja amalandira mvula yambiri, madera a Ntchenachena ndi Chiweta amadziwika ndi kugumuka kwa nthaka, ndipo boma lonseli lili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chong'ambika chomwe muli nyanja ya Malawi, komwe zivomezi si zachilendo, monga anaonera anthu a ku Karonga mu December 2009 pamene nyumba zambiri za njerwa zinagwa ndi kung'ambika.

Pa nkhani ya madzi, nkhokwe ya pamudzi inayankha kale: imakhala pa miyala kuti chinyontho cha pansi chisaifikire, ndipo denga lake limapitirira thupi lake kuti mvula igwere kutali. Nyumba yadothi imafuna zomwezo. Maziko ake azikhala amiyala, okwera masentimita 30 kapena kuposapo pamwamba pa nthaka, pamwamba pake n'kuyalapo pulasitiki wochindikala dothi lisanayambe, ndipo denga lizitulukira mokwanira mbali yomwe mvula imachokera. Kumtunda kwa nyumba kuzikhala ngalande yopatutsa madzi. Cholakwika chofala ndi kupaka khoma ladothi pulasitala wa simenti poganiza kuti akulilimbitsa, pomwe simentiyo, pokhala youma gwa, imang'ambika n'kulowetsa madzi omwe sangathenso kutuluka, ndipo dothi limafewa m'kati mwakachetechete mpaka chigamba chonse kugwa tsiku limodzi. Pulasitala wa laimu kapena wadothi amalola khoma kuuma.

Kusankha dothi nako kuli ndi njira yake yosafuna labotale. Mmisiri amachotsa kaye nthaka yapamwamba, yomwe ili ndi mizu ndi manyowa, n'kutenga yapansi, naithira m'botolo mpaka theka, kudzazamo madzi, kukhutchumula ndi kulisiya. Mchenga umakhazikika msanga, dothi losalala limatsatira, ndipo dongo limadekha pomalizira pamwamba pa zonse, kotero kuti mizere itatuyo imaoneka ndi maso. Dothi la dongo lochuluka limang'ambika likamauma, ndipo limafuna kuwonjezera mchenga. La mchenga wokhawokha limanyenyeka.

Pa malo otsetsereka, nyumba iyenera kukhala pa nthaka yokumbidwa, yomwe ndi yolimba, osati pa dothi lothiridwa kumunsi posalaza. Khoma lotchinga nthaka likamangidwa ndi miyala yosanjikiza popanda simenti limalola madzi kudutsa m'mipata, pomwe la konkire lopanda timabowo limasunga madzi kumbuyo kwake mpaka kukankhidwa. Udzu wa vetiva, womwe alimi ambiri amaudziwa kale pa akalozera a m'minda, umagwira nthaka ya m'mbali. Komabe pali malo ena omwe palibe luso lingawapulumutse, monga m'khwawa ndi pansi pa therezi lomwe linagumukapo, ndipo akuluakulu a m'mudzi amawadziwa malo otere kuposa mlendo wobwera ndi pulani.

Pa zivomezi, njira zamakolo zimasiyana mphamvu. Nyumba yomata, pokhala yopepuka ndi yomangidwa ndi luzi, imagwedezeka osagwa msanga, pomwe khoma lolemera la zidina kapena la miyala limatha kupatukana m'makona. Apa luso lamakono n'losapeweka: lamba wa konkire ndi zitsulo, kapena wa matabwa olumikizidwa bwino, wozungulira pamwamba pa makoma onse ndi kumangiriridwa ku denga, mawindo aang'ono otalikirana ndi makona, zipinda zosatalika kwambiri, ndi nyumba yosasanjikiza.

Nanga denga laudzu, poti limapsa ndiponso silikhalitsa?

Kusakhalitsa kwa udzu kumachokera makamaka ku kafoleredwe. Denga la m'mudzi, lomwe udzu wake umangoyalidwa wopyapyala pa mapaso osatsetsereka kwenikweni, limafuna kukonzedwa chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri. Wofolera waluso amayamba wapesa udzu kuti masamba ndi zinyalala zichoke n'kutsala mapesi okhaokha, amaumanga m'timitolo, amayala kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba mzere uliwonse ukuphimba unzake, ndipo amamenya kumatsinde ndi thabwa lamizeremizere mpaka denga lonse kusalala. Denga lotere, likakhala lochindikala masentimita 20 mpaka 30 ndi lotsetsereka madigiri osachepera 45 kuti madzi asaime, limatha kukhala zaka zambiri likungofuna kukonzedwa pansonga.

Moto ndiye ngozi yeniyeni, ndipo sikoyenera kuichepetsa. Pa Nyika ndi m'matsitso ake moto wolusa umayaka chilimwe chilichonse, pamwamba pa phiri mphezi imagwa kawirikawiri, ndipo alendo ogona kuphiri amabwera ndi makandulo ndi mbaula. Choncho khitchini iyenera kupatuka, tchire lozungulira lizilambulidwa moto usanayambe, ndipo pazikhala chotchingira mphezi choimikidwa bwino. Pa chipinda chogona anthu ambiri, makamaka ana, malata okhala ndi siling'i ya nsungwi kapena bango pansi pake ndi chisankho chanzeru kuposa udzu, ngakhale wojambula zithunzi angadandaule. Udzu umayenera bwino pa chisakasa chopemphereramo chopanda makoma, pa malo opumulira m'njira yokwera phiri, ndi pa timanyumba togona anthu awiri kapena atatu totalikirana.

Mitengo nayo ili ndi malire ake. Muwanga ndi mlombwa, zomwe makolo ankazikonda chifukwa chiswe sichizidya msanga, zatsala zochepa, ndipo kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa ya Nyika n'koletsedwa. Bulugamu ndi paini wothiridwa mankhwala, pamodzi ndi nsungwi zokhwima zodulidwa m'chilimwe, ndi zomwe zingalowe m'malo, bola nsanamira ikhale pamwala osati m'dothi.

Kodi zilipo zitsanzo zomwe omanga angaphunzirepo?

M'boma momwemo, malo ogona alendo a Lukwe, pafupi ndi mathithi a Manchewe, ndi Mushroom Farm, pamwamba pa msewu wa Gorodi, anamangidwa m'mphepete mwa therezi pogwiritsa ntchito kwambiri zipangizo za pamalopo, ndipo ali ndi zimbudzi zosandutsa zoipa kukhala manyowa, zomwe zimathandiza pa malo amiyala pomwe dzenje lakuya silikumbika ndiponso pomwe akasupe a kumunsi ayenera kutetezedwa. Ku Chelinda, pa Nyika, nyumba za alendo zinamangidwa ndi zipika za paini. Malo amenewa si achipembedzo, ndipo alendo ake amalipira ndalama zomwe gulu la mapemphero silingakwanitse, koma phiri ndi mvula n'zomwezo.

Kunja kwa dziko lino, chigumula cha mu June 2013 ku Kedarnath, m'mapiri a Himalaya ku India, chinakokolola nyumba zambiri zogona alendo zomwe zinamangidwa mothinana m'njira ya madzi, pomwe kachisi wakale wamiyala anatsala chiimire, mothandizidwa ndi chimwala chomwe chinaima kumbuyo kwake n'kugawa madziwo. Ku Lalibela, ku Ethiopia, madenga akuluakulu azitsulo omwe anaimikidwa cha m'ma 2008 pamwamba pa ena mwa matchalitchi osemedwa m'thanthwe ankayenera kukhala akanthawi, koma anakhalitsa n'kusanduka dandaulo la ansembe ndi anthu a pamalopo. Ku Kedarnath vuto linali malo omangapo; ku Lalibela linali chinthu chomwe eni malo sakanatha kuchikonza kapena kuchichotsa okha.

Kodi Akhristu ndi mafumu angavomere, popeza ambiri amaona dothi ndi udzu ngati umphawi?

Maganizo amenewa ali ndi maziko ake, ndipo amene amawanyoza nthawi zambiri sanagonepo m'nyumba yodontha. Kalembera wa boma amagawa nyumba m'magulu atatu, zokhazikika, zapakati ndi zachikale, ndipo pulogalamu ya boma ya malata ndi simenti zotsika mtengo inatsindika zomwe anthu ankakhulupirira kale, zoti kutukuka ndi kuchoka mu udzu. Mpingo womwe wasonkha zopereka zaka zambiri sufuna kuuzidwa ndi mlendo kuti ubwerere ku zomwe unathawa. Mtsutso wotere sutha ndi mawu. Nyumba imodzi yaing'ono ya mdindo, ya maziko amiyala, ya mawindo agalasi, pansi posavuta kukolopa ndi magetsi a sola, ikamangidwa mwaukhondo pomwe anthu angalowemo mu July n'kumva kufunda kwake, imasintha maganizo kuposa msonkhano.

Pa malo a mizimu ngati Chikang'ombe, mawu oyamba ndi a mafumu ndi osunga mwambo a m'dera la Themba la Mathemba Chikulamayembe, ndipo mwina yankho lawo lingakhale loti pamalo penipenipo pasamangidwe kanthu, zofunikira za alendo zikhale m'munsi mwa phiri.

Nyumba zotere zikamangidwa, adzazisamalira ndani?

Apa ndi pomwe ntchito zambiri zamtunduwu zimagwera. Nyumba yamakolo inkakhalitsa chifukwa inali ndi mwini wake wogonamo, yemwe ankaona mng'alu ukadali waung'ono ndi kachulu ka chiswe kakungoyamba, komanso chifukwa ntchito yokonza inali ndi nyengo yake yodziwika kwa aliyense. Nyumba ya alendo a kuphiri imadzaza masiku ochepa pachaka n'kutsekedwa miyezi yambiri, ndipo dothi ndi udzu zikasowa maso zimawonongeka msanga kuposa konkire. Amene amatengera maonekedwe a nyumba yamakolo n'kusiya dongosolo lomwe linkaisunga amakhala atatenga theka lokha la njirayo.

Malo oyera akale anali ndi dongosolo limeneli. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona samangidwa kuti akhale mpaka muyaya, koma akakalamba amamangidwanso ndi mitengo ndi udzu motsogozedwa ndi mafumu a m'chigwa cha Shire, ndipo kumangako pakokha ndi mwambo wachipembedzo. Ku Djenné, m'dziko la Mali, anthu a mumzinda amasonkhana chaka ndi chaka kumata mzikiti wawo waukulu wadothi. Mpingo wa Chipresibeteriya uli kale ndi magulu omwe angasenze udindo wofananawo, kuyambira pa sesheni ndi madikoni mpaka Umanyano ndi achinyamata, ndipo chomwe chimafunika n'kugawa ntchito motsatira kalendala ya m'deralo: kumweta ndi kusunga udzu mu June ndi July moto usanadutse, kulambula tchire nthawi yomweyo, kukonza denga ndi kumata ming'alu mu September ndi October, ndi kutsegula ngalande mvula yoyamba isanagwe. Pamalopo pazikhala mlonda wogona pomwepo wodziwa kuzira ndi kumata, gawo la chopereka cha gulu lililonse lobwera kudzapemphera lizisungidwa padera ngati ndalama ya denga, ndipo mgwirizano ndi mmisiri wamkulu uzinena poyera kuti aphunzitse achinyamata angapo a m'midzi yapafupi ntchito isanathe, popeza ofolera ndi osema miyala aluso ambiri ndi achikulire.